Kodi Kusukulu ya Ukachenjede N'kokaphunzira Kuphika?

Sabata ino ndati tiyambe taika pambali nkhani za banki m'khonde ndi zosoka, tikambirane za ana athu aakazi amene ali ku sekondale, makamaka za mtundu wina wa maphunziro umene ambiri a ife sitiudziwa bwino, ndipo chifukwa chosaudziwa timauseka.

Kawiri konse chaka chino, m'magulu awiri osiyana, lina la ku Namitambo lina la ku Mbulumbuzi, ndamva dandaulo lofanana. Mwana wauza amake kuti akakhoza mayeso a Fomu 4 akufuna kukaphunzira za kadyedwe kuti adzakhale dietitian, monga amanenera pa Chingerezi. Amake, pakumva kuti nkhaniyo ndi ya chakudya, agwa mphwayi. Mayi mmodzi anachita kuwomba m'manja nati: "Ine ndigulitse mbuzi zanga kuti mwana akaphunzire kuphika? Nanga mafuwa ali pakhomowa ndi a ntchito yanji? Akadanena unamwino kapena uphunzitsi ndikadamva." Amayi ena onse anaseka movomereza. Ine ndikuti mwanayo wasankha chinthu chabwino, ndipo ndikupemphani kuti mumve chifukwa chake musanamubweze.

Kuseka kumeneku kuli ndi gwero lake. Amayi athu otibala adaphunzira za chakudya m'makalasi a zapakhomo, pansi pa mtengo kapena m'kachipinda ka kutchalitchi, kwa alangizi amene ena mwa iwo adasulidwa kwathu konkuno, kusukulu ya zachitukuko ya ku Magomero. Adaphunzira kuphika masikono mumphika woika makala pansi ndi pamwamba, kusoka malaya a mwana, kumanga thandala la mbale, ndiponso magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Ife tidadzapeza magulu asanu ndi limodzi akuphunzitsidwa kusikelo. Maphunziro amenewo adapulumutsa ana ambiri, ndipo munthu asawanyoze ine ndili pomwepo. Komabe adatisiyira maganizo akuti nkhani ya chakudya ndi ya ife amene sukulu idatithera panjira, monga ine amene ndidalekezera Sitandade 8, ndi kuti mwana wanzeru, wokhoza masamu, malo ake ndi muofesi kapena pafupi ndi dokotala.

Tsono dietitian malo ake ndi pafupi ndi dokotala pomwepo. Ntchito yake si yogwira mthiko. Amayenda m'mawodi pamodzi ndi madokotala ndi anamwino, amawerenga zotsatira za magazi a wodwala, amamuyeza kulemera ndi msinkhu, kenaka amawerengetsa ndi cholembera kuti thupi la munthu ameneyu, ndi nthenda imene ali nayo, lifunika chakudya chotani, chochuluka bwanji, kangati pa tsiku, ndiponso chimene sayenera kulawa n'komwe. Dokotala amalemba mankhwala, iye amalemba chakudya. Ndipo pa matenda ena kulakwitsa chakudya kumapha munthu monga momwe kumaphera kulakwitsa mankhwala.

Mwina mukuti ndikukokomeza. Tiyeni titenge mwana wotupikana, amene tonse tidamuonapo: miyendo yotupa, tsitsi lofiirira lothothoka, nkhope yokhumata, wosafuna kusewera ndi anzake. Mtima wa mayi aliyense ukamuona umati, mwanayu ndi njala, mpatseni phala lambiri la mazira ndi mkaka, mpatseni nyama akhute. Chifundo chimenecho chikhoza kumupititsa kumanda. Thupi limene lakhala nthawi yaitali losalandira chakudya chokwanira limafooka m'kati monse: mtima umachepa mphamvu, chiwindi ndi matumbo sizigwira bwino ntchito. Mukalithira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mtima umalephera. N'chifukwa chake kuchipatala, monga ku wodi ya Moyo pachipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre, mwana wotere amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, umene zomanga thupi ndi mchere adazichepetsamo dala. Amampatsa pang'onopang'ono, pakapita maola awiri kapena atatu, usana ndi usiku, moyeza ndi kulemera kwake. Ngakhale mankhwala owonjezera magazi samupatsa masiku oyambawo, chonsecho magazi ali nawo ochepa. Kutupa kukayamba kuphwa, mwana nayamba kulirira yekha chakudya, m'pamene amamusinthira ku mkaka wa F-100 kapena ku chiponde. Kodi zimenezi, amayi anzanga, tingamuphunzitse mwana pamafuwa?

Titengenso nthochi. Ndani wa ife amene sadauzepo wodwala kuti adye nthochi ndi mapeyala kuti apeze mphamvu? Kwa anthu ambiri malangizowo ndi abwino. Koma munthu amene impso zake zafooka kwambiri, monga aja amapita kukasefedwa magazi ndi makina ku Gulupu kapena kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, thupi lake limalephera kutaya mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene uli wambiri m'nthochi, m'mapeyala, m'tomato ndi m'mbatata. Mcherewo ukaunjikana m'magazi ukhoza kuimitsa mtima. Ngakhale madzi akumwa, amene timati sapweteka munthu, wodwala wotere nthawi zina amachita kumuyezera. Mayi wodwazika matenda amabwera kuchokera kumudzi ndi dengu la zipatso, ndi mtima wake wonse wabwino, osadziwa chimene wasenza. Payenera kukhala munthu woima pakati pa dengulo ndi bedi la wodwala, ndipo munthu wakeyo ndi amene mwana wanu akufuna kudzakhala.

Aliponso amene sangathe kumeza, amene chakudya chimawapita m'kapaipi kodzera m'mphuno. Alipo opsa ndi moto, amene thupi lawo limafuna chakudya chochuluka kuposa masiku onse kuti zilonda zipole. Alipo a khansa, a sitiroko, ndi ana obadwa masiku asanakwane. Onsewa chakudya chawo n'chochita kuwerengetsa.

Koma nthenda imene yatisokoneza kwambiri m'midzi muno ndi ya shuga. Munthu akangomupeza nayo, mudzi wonse umasanduka madokotala. Uyu ati asiyiretu nsima. Uyo ati nsima ya mgaiwa adye mmene angathere pakuti ilibe shuga. Wina ati m'tiyi azithira uchi, winanso ati amwe madzi a masamba owawa, mapiritsi asiye. Wodwala amangoti kakasi, naonda, ndipo pakhomo pamayamba manong'onong'o a ufiti. Zoona zake n'zakuti nsima iliyonse, ya ufa woyera kapena ya mgaiwa, ikagayika m'mimba imasanduka shuga. Mgaiwa uli bwinoko chifukwa madeya amachedwetsako shugayo kulowa m'magazi, koma mitanda isanu ya mgaiwa ndi mitanda isanu ndithu. Uchi nawonso ndi shuga. Thobwa lotsekemera ndi shuga. Ndipo munthu amene akumwa mapiritsi ena a nthendayi kapena kubaya jakisoni wa insulini, akasiya kudya chifukwa cha mantha, shuga amatsika kwambiri m'magazi, munthu n'kukomoka ali kumunda, mwina osadzukanso. Chimene wodwalayo akusowa ndi munthu womukhazika pansi, kumufunsa zimene amadya kwawo, nthawi imene amapita kumunda, ndi ndalama zimene zili m'thumba mwake, n'kumuuza kuti m'mawa mudye chakuti, masana mitanda yakuti, ndiwo zamasamba zichuluke motere. Dokotala amene panja pake pali mzere wa anthu wofika kuchipata alibe nthawi imeneyo, ndipo ine sindimuimba mlandu.

Musaganize kuti awa ndi matenda a mabwana a ku Limbe okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009, mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse, adapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Mbali inayi, kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Ndiye kuti m'nyumba imodzi mukhoza kukhala mdzukulu wosakula bwino ndi agogo a BP, onse akudyera mumphika umodzi. Kuno ku Chiradzulu tili ndi chifukwa chinanso. Boma lathu lino ndi limodzi mwa malo oyamba m'dziko muno kumene anthu a m'midzi adayamba kulandira ma ARV, mu 2001, kudzera kwa madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières. Abale athu amene tikadawaika m'manda kalekale ali moyo, tiyamike Mulungu, ndipo akukalamba; tsono ukalambawo ukubwera ndi shuga, BP ndi impso, pamwamba pa mankhwala amene akumwa kale tsiku ndi tsiku.

Poti ndatchula za BP: bungwe la zaumoyo lija limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiyo supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuwerengera ndi wa m'buledi ndi wa m'tizokometsera ta m'mapaketi. Inu madzulo ano muone nokha mmene dzanja lanu limathirira mumphika wa nyemba. Ine sindinena kanthu.

Pamene pali odwala ambiri ndi alangizi ochepa, pamamera amalonda. Mwawaona m'minibasi ndi m'misika ndi timabotolo ndi timapaketi taufa, ena pa WhatsApp ndi pa Facebook atavala gauni loyera, akudzitcha akatswiri a zakudya, akulonjeza kuti kabotolo kamodzi kathetsa shuga, BP ndi kusabereka komwe. Mtengo wa kabotoloko ndi wa thumba la chimanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa anthu amenewa ndi dietitian weniweni n'kwakuti dzina la dietitian limalembedwa m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, lomwenso limalemba madokotala. Salembedwamo asanatsirize maphunziro ndi kugwira ntchito m'mawodi moyang'aniridwa ndi akuluakulu ake, ndipo akachita zosayenera pali kokamunenera, dzina lake likhoza kufafanizidwa. Nanga wa m'minibasi uja mukamunenera kwa yani? Akatsika pa Njuli simudzamuonanso.

Pano ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimafanana mayina. Alipo akatswiri a kadyedwe amene amagwira ntchito m'maboma ndi m'mabungwe, oyang'anira za kusikelo, phala la m'sukulu ndi magulu a amayi onga athuwa. Ku Bunda akhala akuwaphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuteteza anthu ambiri kuti asadwale. Dietitian amayambira pomwepo n'kupitirira, pakuti iye amaloledwa kusamalira munthu amene wadwala kale, mmodzimmodzi, m'chipatala. Mwana wanu adziwe kusiyana kumeneku asanalembe fomu, kuti asadzadabwe ali m'kati.

Chaka cha 2016 chisanafike, Mmalawi wofuna ntchito imeneyi ankayenera kukaphunzira kunja, monga ku South Africa, ndipo ndi angati a ife akadatha kutumiza mwana kumeneko? M'chaka chimenecho sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR, ija timaidziwa kuti Bunda, idatsegula maphunziro oyamba a dietetics m'dziko muno, mogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine ku Blantyre ndi Tufts University ya ku America. Ankatenga anthu amene adatsiriza kale digiri, n'kuwawonjezera maphunziro a zachipatala ndi miyezi yambiri ya m'mawodi. Gulu loyamba kutsiriza lidali lowerengeka ndi zala za dzanja limodzi, dziko lonse lino. Pambuyo pake College of Medicine, imene mu 2021 idaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, idayambanso digiri yakeyake ya maphunzirowa. Chotero mwana wa ku Thumbwe kapena wa kwa Nkalo safunikanso pasipoti.

Tsono apa m'pamene pali ntchito yathu, amayi. Ambiri timaganiza kuti tsogolo la mwana limadziwika pa mayeso a Fomu 4, koma khomo la maphunziro amenewa limatsekeka mwana akamalowa Fomu 3, posankha maphunziro. M'mera mpoyamba. Kumeneko amafuna mwana wokhoza bwino Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Pa mayeso a MSCE, kuti munthu aganiziridwe n'komwe kusukulu ya ukachenjede ya Boma, ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi ndi nambala yosapitirira 6, Chingerezi chili momwemo. Pakuti pa mayeso amenewa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Asanu ndi limodziwo ndi chiphaso chongolowera pampikisano, popeza malo ndi ochepa ndipo amayamba kutenga amene mapoyinti awo ndi otsika. Atsikana athu ambiri amathawa Chemistry ndi Physics chifukwa anzawo awauza kuti n'za anyamata, ndipo ife makolo sitidziwa kuti mwana wasiya phunziro, timadzamva zotsatira zitatuluka. Sukulu zambiri zoyendera za m'midzi zilibe chipinda choyeseramo za sayansi, zina mphunzitsi wake ndi mmodzi wa makalasi onse. Imeneyo ndi nkhani yokaikamba kumsonkhano wa makolo, mokweza mawu, chaka chisanayambe.

Mukafuna kudziwa chifukwa chake amaumirira Chemistry pa nkhani ya chakudya, funsani akuluakulu amene akukumbukira nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique. Mu 1990, m'misasa yawo m'dziko muno, mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi ufa udasowa kwa miyezi ingapo. Anthu ankadya ndithu, nsima idalipo, koma pafupifupi 18,000 adagwidwa ndi nthenda yotchedwa pellagra: khungu lakuda, lokakala, losupuka m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ena mpaka kusokonezeka mutu. Chimene chidasowa ndi kavitamini kamodzi kotchedwa niacin, kamene m'chimanga thupi silitha kukatenga bwino, koma mumtedza n'kochuluka. Mayi wodziwa kuphika kuposa tonse akadayang'ana m'mbale za anthu aja sakadaona kuti mukusowa kanthu. Zosaoneka ndi maso zimenezi ndizo mwana amakaphunzira.

Kunyumba nako kuli mlandu wathu. Mtsikana amadzuka kudakali mdima, atunge madzi, asese, aphike phala, athamangire kusukulu, abwere atole nkhuni, aphike, atsuke mbale. Mlongo wake wabwera n'kuponya chikwama pakhonde, ali kumpira. Ikafika nthawi yowerenga mtsikana akusinza pa buku. Kenaka ife tomwe timati atsikana sayansi siiwayanja. Sindikuti mwana asagwire ntchito, pakuti mwana wosadziwa mthiko ndi manyazi a amake. Ndikuti ntchito igawidwe. Mnyamata naye chidebe cha madzi sichimuthyola khosi. Maola awiri a madzulo akhale a buku, ndi nyale yake yosalimbirana ndi munthu.

Za ndalama sindingazilumphe. Kusankha ana opita kusukulu za ukachenjede za Boma kumadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, limene limalengeza nthawi yolembera, ndipo mwana amalemba maphunziro amene akufuna motsatana. Chotero aike patsogolo chimene mtima wake ulipo. Lamulo la 2015 lidakhazikitsa bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ngongole imene amadzabweza atatsiriza maphunziro. Siikwanira zonse. Malo ogona, chakudya, sopo ndi ulendo zidzafunabe mbuzi, ndipo zaka zake ndi zosachepera zinayi. Yambani lero kusunga ku banki m'khonde ndi cholinga chimenecho. Atsibweni ake a mwana muwauze msanga, pakuti kwathu kuno mwinimbumba akamva nkhani pomalizira amaikana chifukwa chongomva mochedwa. Abambo a kunyumba muwafotokozere atadya ndi kupuma, osati akungotula khasu. Ndipo muyambe ndi mawu oti chipatala, mawu oti chakudya abwere pambuyo.

Sindikunamizani kuti ntchito ikumudikira pakhomo. Ana ambiri a madigiri ali m'makomo mwathu akugulitsa kaunjika, ndipo ntchito imene ndi yatsopano m'dziko imatenga nthawi kuti Boma liitsegulire malo m'zipatala zonse. Mwana wosankha njira imeneyi akhoza kuyamba ndi kugwira mongodzipereka, kapena kupeza malo m'chipatala cha mishoni, m'chipatala cholipira, m'bungwe, m'fakitale ya zakudya, kapena kuphunzitsa ena. Koma ndikayang'ana mzere wa anthu a shuga ndi BP pa tsiku la kiliniki yawo, sindiona kuti odwala adzamuthera. Funso lakuti adzakwatiwa liti sindiliyankha. Anamwino ndi aphunzitsi akukwatiwa Loweruka lililonse.

Chimene chimandikhudza koposa zonse ndi ichi. Malangizo a chakudya olembedwa kutali sathandiza munthu wa kwa Kadewere. Mukamuuza mayi wa m'mudzi kuti azidya maapozi, buledi wabulauni ndi nsomba za m'chitini, avomera mwaulemu, "Zikomo adokotala," n'kubwerera kwawo kukadya zomwe zija. Pafunika mlangizi amene adakulira nandolo. Amene akudziwa kuti m'mwezi wa Febuluwale m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo banja likudalira nkhwani ndi ganyu. Kuti kalongonda amaphikidwa nthawi yaitali n'kutaya madzi ake kangapo, apo ayi amazunguza mutu. Kuti mabanja ambiri kuno ali ndi ng'ombe ya mkaka koma mkaka wonse umapita m'mamawa kumalo osonkhanitsira, mwana wa pakhomopo osalawa ngakhale kapu. Mlangizi wotere sadzataya nthawi ndi maapozi. Adzanena za magwafa ndi malambe, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, pamene tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza. Adzanena za mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A woteteza maso a ana. Adzanena kuti soda ndi chidulo zimafewetsa therere ndi chigwada koma zimaononga mavitamini ena. Ndipo popeza ndi mwana wa kuno, adzadziwanso kuti mayi sangasiye chidulo lero lomwe, nadzapeza pogwirizana naye.

Ndipo nzeru zina zimene adzazipeze m'mabuku zidachokera kwa amayi onga ife. Mu 1938 ndi 1939 kudachitika kafukufuku wamkulu wa kadyedwe m'midzi ya m'dera la Nkhotakota, wotsogoleredwa ndi Dr B. S. Platt. M'gulumo mudali mayi wina wachizungu, amene adadzadziwika ndi dzina loti Jessie Williamson, amene ankaona mmene amayi a m'midzi ankasinjira, kuphika ndi kusunga chakudya, nalemba mayina a masamba amene ankathyola. Zimene adasonkhanitsa zidatuluka mu 1955 m'buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje, zonse zili momwemo. Dzina la pachikuto ndi lake, ndipo adalimbikira ndithu. Koma amayi amene adamuphunzitsa mayina awo sitiwadziwa. Agogo athu potendera nkhwani ndi nsinjiro sankadziwa kuti vitamini A amafuna mafuta kuti alowe bwino m'thupi, koma ankachita zoyenera. Ine ndikadakonda kuti buku lotsatira lilembedwe ndi mdzukulu wa amayi aja.

Chotero mwana amene akufuna njira imeneyi musamuchotseretu kukhitchini. Muphunzitseni mayina a ndiwo zonse za kutchire, muonetseni kufutsa masamba, kusinja, ndi kusankha mtedza wa chuku n'kuutaya, osati kuusinja nsinjiro monga ena amachitira pofuna kusataya kanthu. Akadzakhala m'kalasi la Chemistry adzakhala ndi chimene mnzake wokulira mumpanda wa ku Namiwawa alibe.

Inu amene muli ndi ana a Fomu 2, tsiku lotsekera sukulu musamusiye mwana kuti akatenge yekha lipoti. Valani chitenje chanu chabwino mupite, mukapemphe kuonana ndi aphunzitsi aakulu, mukafunse ngati pasukulupo Chemistry ndi Physics zimaphunzitsidwa mpaka Fomu 4, amene amaphunzitsa ndani, ndiponso kuti mwana wanu ali pati m'maphunziro amenewo. Ngati kuwerenga lipoti kukuvutani, bwerani nalo ku gulu tidzawerengere limodzi. Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za kasungidwe ka mtedza ndi chimanga kuti zisachite chuku.